Funsani Tikuyankheni: Za Boma, Chipani, Phungu ndi Unzika

Makalata amene tasankha mwezi uno achokera ku Balaka, ku Mulanje, ku Johannesburg, ku Kadoma ndi ku Mzuzu, ndipo onse akukhudza kayendetsedwe ka dziko komanso malo a nzika m'menemo. Makalata ena tawafupikitsa, koma mfundo za eni ake sitinazisinthe.

FUNSO: Ine ndine mlimi wa thonje. Chisankho china chitatha, mkulu wina wa chipani analankhula pa maliro m'mudzi mwathu kuti dera limene silinavotere olamula lisayembekezere msewu kapena mjigo, chifukwa boma lili ndi eni ake. Kodi boma ndi chipani cholamula n'chinthu chimodzi? Ngati n'zosiyana, zikusiyana pati? (Mlimi wa ku Balaka)

YANKHO: Bambo, mawu amene munamva pa malirowo ndi olakwika, ndipo akutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Komabe n'zomveka kuti anthu ambiri amawakhulupirirabe, popeza kwa zaka pafupifupi 30 chipani ndi boma zinalidi chinthu chimodzi kuno kwathu. Dziko linalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964, ndipo patangopita zaka ziwiri malamulo a 1966 anakhazikitsa kuti chipani chovomerezeka ndi chimodzi chokha, cha Malawi Congress Party. Pofika mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda anali atakhala Pulezidenti wamuyaya. Amene analipo masiku amenewo akukumbukira anyamata a malaya ofiira ataima pa chipata cha msika kapena pokwerera basi, akufunsa khadi la chipani kwa aliyense wofuna kulowa. Mayi wopanda khadi ankabwezedwa pomwepo, dengu la tomato likadali pamutu, ngakhale kuti msikawo unamangidwa ndi msonkho wa anthu onse. Munthu amene anakulira m'zimenezo sangangoiwala lero ndi lero kuti njira yopita ku boma inkadzera ku chipani.

Zinthu zinasintha anthu atakana okha. Kalata ya maepiskopi a mpingo wa Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi mu Malichi 1992 inatsegula pakamwa pa anthu, ndipo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, n'kusiya tambala wakuda. Malamulo aakulu amene anayamba kugwira ntchito mu Meyi 1994 ndiwo tikuyendera mpaka lero. Gawo 12 la malamulowo likunena kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a dziko lino, ndipo wozigwiritsa ntchito wangosungitsidwa, azigwiritse ntchito potumikira anthuwo. Magawo 7, 8 ndi 9 akugawa ntchito ya boma patatu: Pulezidenti ndi nduna zake amakonza mfundo n'kuyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku, Nyumba ya Malamulo imapanga malamulo ndi kuvomereza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama, pamene makhoti amatanthauzira malamulowo mosayang'ana nkhope. Pa nthambi zitatuzi palibe imene ili chipani. Chipani ndi gulu la anthu ogwirizana maganizo amene amapempha mavoti kuti anthu awo akhale pa mipando ina ya boma kwa zaka zisanu. Zili ngati dzina la ufumu m'mudzi: olilowa amasinthana, koma dzinalo ndi la mbumba, ndipo amene walilowa sanganene kuti dambo ndi manda zasanduka zake.

Mbiri yathu yomwe yaonetsa kusiyana kumeneku kawiri. Mu Febuluwale 2005 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anachoka m'chipani cha UDF chimene chinamuimika pa chisankho cha 2004 n'kuyambitsa DPP, koma anakhalabe Pulezidenti, ndipo aphunzitsi, apolisi ndi anamwino anapitiriza ntchito monga kale. Iye atamwalira pa 5 Epulo 2012, Mayi Joyce Banda analumbiritsidwa pa 7 Epulo, ngakhale kuti anali atachotsedwa m'chipani cholamula mu Disembala 2010, chifukwa gawo 83 likunena kuti mpando ukakhala wopanda munthu, wachiwiri kwa Pulezidenti ndiye amalowapo. Ena anafuna kuti zipite kwina, koma lamulo linaposa zofuna za chipani.

Kunena za chitukuko, gawo 20 likuletsa kusala munthu chifukwa cha maganizo ake pa ndale, gawo 30 likupereka ufulu wa chitukuko kwa anthu onse, ndipo gawo 193 likuletsa kugwiritsa ntchito antchito a boma kapena chuma cha boma pokweza kapena kugwetsa chipani chilichonse. Sindikukana kuti kukondera kumachitika. Tonse taonapo misewu ikulowera kwawo kwa akuluakulu pamene madera ena akuyenda m'matope. Chimene ndikutsindika n'chakuti kukonderako n'kuphwanya lamulo, choncho m'pofunika kukutchula ndi dzina lake, osati kukulandira ngati mwambo. Msonkho umene mumalipira pogula sopo, palafini kapena mayunitsi a foni safunsa kuti munavotera yani.

FUNSO: Mlatho wathu wopita kusukulu unakokoloka ndi madzi, ndipo phungu wathu sitinamuone chimusankhireni. Ena akuti tipite kwa khansala, ena akuti kwa mfumu. Kodi ntchito imeneyi ndi ya yani? Nanga phungu wosaoneka tingamuchotse nthawi yake isanakwane? (Mayi wa ku Mulanje)

YANKHO: Mayi, ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri, chifukwa yankho lake ndi lowawa: simungamuchotse. Malamulo a 1994 anali ndi gawo 64, limene linkapatsa anthu a m'dera mphamvu zoitanitsa phungu wawo kuti atule pansi udindo ngati sakukhutira naye, koma aphungu analichotsa mu 1995 lisanagwire n'komwe ntchito. Kuyambira pamenepo mabungwe ndi mipingo akhala akupempha kuti gawoli libwerere, koma amene ayenera kulibwezeretsa ndi omwewo amene lingawalume. Ine ndimaona kuti kuchotsa gawo limeneli kunali kulanda anthu chinthu chawo. Chimene chinatsala ndi gawo 65, lonena kuti phungu amene wasiya chipani chimene chinamulowetsa m'Nyumba n'kulowa china choimiridwa m'Nyumbamo ataye mpando, koma nalonso lakhala likugwira ntchito mwa apo ndi apo.

Tsopano za mlatho. Ntchito yeniyeni ya phungu ili ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe: kukambirana mabilu, kuvomereza kapena kukana bajeti, kufunsa nduna mafunso, ndi kulondoloza kudzera m'makomiti ngati ndalama zapita kumene zinalembedwa. Pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 madera a aphungu anachoka pa 193 kufika pa 229, ndipo mawodi a makhansala anafika pa 509. Mlatho wa m'mudzi, msika, mjigo ndi midadada ya sukulu ya pulayimale ndi ntchito za khonsolo, malinga ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu imene inakhazikitsidwa chaka chomwecho. Amene amakuimirani ku khonsolo ndi khansala. Bwanamkubwa ndi antchito ake ndi olembedwa ntchito, ndipo amakwaniritsa zimene khonsolo yagwirizana.

Chisokonezo chimene mwakumana nachocho chili ndi gwero lake. Makhansala oyamba mu ulamuliro wa zipani zambiri anasankhidwa mu Novembala 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda makhansala mpaka chisankho chapatatu cha pa 20 Meyi 2014. M'zaka zisanu ndi zinayi zimenezo anthu analibe kwina kolowera, ndipo mu 2006 munayambanso thumba la chitukuko cha m'madera, la CDF, limene anthu ambiri ankangoti ndi ndalama za phungu. Zotsatira zake n'zimene timaona pakhomo pa phungu akabwera kumudzi: tambala asanalire kachiwiri anthu adzadza kale pakhonde, wina akufuna bokosi la maliro, wina fizi ya mwana, wina galimoto yonyamula wodwala, ndipo palibe amene akumufunsa kuti anavota bwanji pa bajeti ya mankhwala a m'zipatala. Phungu wotere amayamba kuopa kwawo, kenako amangokhala m'tauni. Sindikuikira kumbuyo phungu wanuyo, chifukwa amene anapempha mavoti ayenera kubwera kudzamva zimene anthu akufuna kuti akanene, koma tikamuyesa ndi muyeso wa mabokosi a maliro, ntchito imene tinamutuma imakhala yopanda woiyang'anira. Mu Meyi 2025 khoti lalikulu, litakhala ngati khoti loona za malamulo aakulu, linagamula kuti aphungu sayenera kuyendetsa thumba la CDF kapena kuvota m'makhonsolo, chifukwa munthu sangagwire ndalama n'kumadzilondoloza yekha.

Njira yoti mutsate ndi iyi. Nkhani ya mlatho iyambire ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ya VDC, ipite ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ya ADC, kuti ikalowe m'ndondomeko ya chitukuko ya khonsolo, ndipo khansala wanu aitsatire kumeneko. Lembani kalata, isainidwe ndi anthu, nyakwawa idindepo, ndipo musunge kope lake. Mfumu ili ndi gawo lalikulu posonkhanitsa anthu ndi kuchitira umboni, ndipo mafumu aakulu amakhala nawo pa misonkhano ya khonsolo, koma savota ndipo alibe thumba la boma lomangira milatho. Phungu mumulembere kope lomwelo, kuti ngati khonsolo ikunena kuti ndalama sizinabwere kuchokera ku likulu, akafunse nduna m'Nyumba kuti zinatsakamira pati.

FUNSO: Ndakhala kuno zaka zingapo ndipo ndaona kuti anzathu a kuno savotera Pulezidenti mwachindunji ngati kwathu, amangovotera chipani. Kodi imeneyi ndi demokalase? Nanga lamulo lathu la 50+1 linabwera bwanji? (Mmalawi wokhala ku Johannesburg)

YANKHO: Achimwene, imeneyo ndi demokalase ndithu, kungoti yamangidwa mwa mtundu wina. Ku South Africa Nyumba ya Malamulo ili ndi mipando 400, ndipo chipani chilichonse chimalandira mipando molingana ndi kuchuluka kwa mavoti amene chapeza. Aphunguwo ndiwo amasankha Pulezidenti pakati pawo. N'chifukwa chake mu 2024, chipani cha ANC chitapeza mavoti pafupifupi 40 pa 100 alionse ndi mipando 159, Cyril Ramaphosa anafunika kugwirizana ndi zipani zina kuti asankhidwenso. N'chifukwa chakenso Thabo Mbeki mu 2008 ndi Jacob Zuma mu 2018 anatula pansi udindo chipani chawo chitawataya: amene amadalira Nyumba kuti akhale pampando sangakhalitse Nyumbayo ikamufulatira. Ku Britain kulinso mtundu wofanana nawo pang'ono, kumene mfumu ndi mutu wa dziko koma wolamula ndi nduna yaikulu yochokera m'Nyumba. Nafenso tinayamba choncho: kuyambira 1964 mpaka 1966 Dr Banda anali nduna yaikulu, mutu wa dziko anali Mfumukazi Elizabeth II, ndipo woiimira kuno anali Sir Glyn Jones.

Kwathu lero Pulezidenti ndi wachiwiri wake amasankhidwa ndi anthu mwachindunji, aphungu amasankhidwa padera, ndipo aliyense ali ndi mphamvu zake zochokera kwa ovota. Ubwino wake ngwakuti munthu wamba amadziwa amene wamusankha, ndipo Pulezidenti sachotsedwa ndi mkangano wa m'chipani. Kuipa kwake kunaoneka mu 2007 ndi 2008, pamene Pulezidenti analibe aphungu okwanira, otsutsa anaumirira kuti gawo 65 ligwire ntchito kaye, ndipo bajeti inachedwa kwa miyezi. Palibe mtundu umene ulibe chilema. Chimene chimateteza anthu ndi malire amene aikidwa pa wolamula. Malire amodzi otere ndi akuti Pulezidenti asapitirire materemu awiri otsatizana, ndipo mu Julayi 2002 bilu yofuna kuchotsa malirewo inalephera kupeza magawo awiri mwa atatu a mavoti a aphungu.

Za 50+1, mawu a gawo 80 akuti Pulezidenti asankhidwe ndi anthu ochuluka mwa ovota analipo kuyambira kale, koma mu 2000 khoti lalikulu la apilo linawatanthauzira kuti wopambana ndi amene waposa anzake basi. Choncho mu 2004 ndi mu 2014 tinakhala ndi atsogoleri amene anapeza mavoti pafupifupi 36 okha pa 100 alionse. Chisankho cha pa 21 Meyi 2019 chitatha, Lazarus Chakwera ndi Saulos Chilima anakadandaula kukhoti, ndipo umboni unaonetsa mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex, ena osasainidwa, ena olembedwa pa mafomu osayenera. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anafafaniza zotsatira za chisankho cha Pulezidenti, analamula chisankho chatsopano pasanathe masiku 150, ndipo ananena kuti ochuluka ndiye kuti oposa theka la mavoti onse. Khoti la apilo linagwirizana nazo pa 8 Meyi, ndipo anthu anavotanso pa 23 Juni 2020. Lero ngati palibe wopitirira theka, awiri otsogola amapikisananso kachiwiri. Anzathu a ku Zambia anayamba kutsata njira yomweyi mu 2016. Aphungu ndi makhansala okha ndiwo akupambanabe pongoposa anzawo. Dziwaninso kuti pa chisankho cha 2025 kunalibe malo ovotera kunja kwa dziko, choncho Mmalawi wofuna kuvota ankayenera kulembetsa ndi kudzaponya voti kuno kumudzi.

FUNSO: Bambo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito ya mumgodi, ndipo ine ndinabadwira konkuno. Kuno ankatitcha obwera, ndikapita ku Malawi amanditcha mlendo. Kodi ndine nzika ya dziko liti, ndipo ndingakhale ndi unzika wa mayiko awiri? (Mayi wa ku Kadoma, Zimbabwe)

YANKHO: Mayi, kalata yanu ikuimira mabanja ambirimbiri a ana ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia. Mbali ya Zimbabwe ndiyambe nayo. Lamulo la kumeneko la 2001 linakakamiza anthu amene makolo awo anachokera kunja kuti akane unzika wa dziko linalo, ndipo ambiri amene sanathe kutero anataya unzika ndi mwayi wovota. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013, pa gawo 43, anakonza zimenezi ponena kuti munthu amene anabadwira m'dzikomo malamulowo asanayambe, kholo lake lili nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye ankakhala m'Zimbabwe momwemo, ndi nzika yobadwa. Ngati chitupa chanu chikadali ndi chizindikiro cha mlendo, muli ndi ufulu wokachisinthitsa.

Ku Malawi kuno lamulo la unzika ndi la 1966. Kubadwira pa nthaka ya Malawi pakokha sikupereka unzika. Chofunika n'chakuti mmodzi mwa makolo akhale nzika. Mwana wobadwira kunja amatenga unzika ngati bambo kapena mayi ake ali nzika yobadwira kuno, ndipo apa ndi pamene inu mukulowera, ngati bambo anu anali akadali nzika ya Malawi pa nthawi imene munkabadwa. Vuto linali lakuti kale munthu wa unzika wa mayiko awiri ankayenera kusankha umodzi atakwanitsa zaka 21, apo ayi wa Malawi unkatha wokha. Kumapeto kwa 2018 Nyumba ya Malamulo inasintha lamuloli n'kuloleza unzika wa mayiko awiri, ndipo amene anautaya atha kupempha kuti abwezeredwe. Ana anu, popeza iwo ndi inu nonse munabadwira kunja, sangautenge mwachibadwa kudzera mwa inu. Ayenera kuchita kupempha.

Chimene chimavuta kwambiri ndi umboni. Sonkhanitsani chilichonse chimene bambo anasiya: pasipoti yakale, khadi la kumgodi, kalata ya ubatizo, ngakhale makalata ochokera kwa abale. Dziwani dzina la mudzi wawo, nyakwawa ndi mfumu yaikulu ku Dedza, chifukwa kalata yodindidwa ndi mfumu imathandiza kwambiri pa kalembera kuno. Mukatero pitani ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Harare, imene idzakulumikizani ndi nthambi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko komanso unzika. Musachedwe nazo, pakuti akuluakulu amene angachitire umboni kuti bambo anu anali mwana wa pamudzipo akutha.

FUNSO: Sindinavote pa chisankho chathachi chifukwa ndinagwa ulesi ndi andale. Anzanga akuti ndilibenso ufulu wodandaula. Kodi n'zoona? (Mnyamata wa ku Mzuzu)

YANKHO: Si zoona. Kuvota ndi ufulu wa aliyense amene wakwanitsa zaka 18 ndipo analembetsa, koma lamulo silikakamiza munthu kuvota, ndipo silichotsera wosavota ufulu wina uliwonse. Pulezidenti, phungu ndi khansala amene apambana amatumikira inu mofanana ndi amene anawavotera. Ndikanakonda mukanavota, chifukwa mipando ya aphungu ndi makhansala nthawi zina imapita ndi mavoti ochepa kwambiri, ndipo achinyamata ndiwo ochuluka m'dziko muno. Koma pakati pa chisankho ndi chinzake pali zambiri zoti muchite. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo likukulolani kulembera khonsolo ya mzinda wanu kufunsa ndalama zimene yatolera m'misika ndi mmene yazigwiritsira ntchito. Ofesi ya boma ikakuchitirani zopanda chilungamo mutha kukadandaula kwa Ombudsman popanda kulipira, ndipo nkhani zophwanya ufulu wachibadwidwe zimapita ku bungwe la Malawi Human Rights Commission, limene ndilonso limayang'anira lamulo lopezera nkhani lija. Kalembera wa chisankho china akadzayamba, mudzapite ndi chiphaso chanu cha unzika, popeza ndicho chimene amafuna polembetsa.